Tambula ya Ulusi Wofiira

Lolemba, 9 Januwale

Andigoneka. Ine Mbarka, amene ndathera nsapato m'makonde a chipatala chino cha ku Agadir ndikunyamulira odwala chakudya, lero ndalowa akundikankha pa njinga ya odwala, miyendo itafufuma ngati mtanda wa buledi. Namwino Touria atandiona anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Azakhali, lero mwabwera kudzaona ndani?"

"Ndabwera kudzaona ngati mumagwiradi ntchito ife tikachoka," ndinatero.

Adokotala akuti ndi impso. M'piritsi la ma ARV limene ndamwa zaka zonsezi muli mankhwala ena amene azitopetsa, ndiye andisinthira. Kachilombo kokha kakadali m'tulo, m'magazi sikakuoneka, Mulungu atamandike. Bipi yakwera. Andipatsa piritsi lokodzetsa la m'mawa, ndi kajagi koti ndiziyezera mkodzo wonse ngati mafuta a malonda. Chowawa kwambiri n'chakuti andiletsa mchere. Supu ya madzulo ano inali ngati madzi otsukira mbale.

Kope ili wandigulira Ijja, mnzanga wa m'gulu lathu, akuti ndizilemba kuti pakamwa panga pazipumako. Gulu lathu ndi la anthu ongodzipereka, ambirife tili ndi kachilombo. Timaphikira odwala amene abale awo awataya, timaperekeza amayi kokayezetsa, ndipo mbandakucha timakaima pamene amayi a m'minda ya tomato amakwerera malole, n'kumawauza zimene amuna awo safuna kuti amve. Sabata ino azikaima popanda ine. Ijja akuti kukhalako bata.

Lachiwiri, 10 Januwale

Mkodzo wangokwana theka la kajagi. Atenganso magazi. Miyendo ikadali ya njovu.

Kumanzere kwanga kuli mayi wa matenda a shuga amene amabisa mabisiketi m'pilo, ndipo akamatembenuka wodi yonse imamva kuphwanyika kwake. Kumanja kuli mtsikana, dzina lake Nezha, akudwala chibayo. Ali ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno, ndipo chifikireni ine sanachotse nkhope kukhoma. Kagonedwe kameneka ndimakadziwa. Nanenso ndinagonapo choncho.

Nthawi ya alendo kunabwera apongozi ake, Lalla Rkia, mayi wamfupi wa kumapiri, atadzikulunga nsalu yakuda, makiyi a nyumba ali pachingwe pachifuwa, akulira ngwerengwere poyenda. Anatulutsa m'dengu matambula awiri abwino, kenako ina yayokha m'jumbo, itamangidwa ulusi wofiira m'chiuno. Mbale ya Nezha nayonso inali ndi kadontho ka penti yofiira. Tonsefe timathira tiyi kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, koma mayi awa anathira kuchokera kutali, mkono utatambasuka wonse ngati akudyetsa galu wolusa. Nezha atamwa, apongoziwo anaigwira tambulayo ndi nyuzipepala poibweza m'jumbo.

Ine anandithirira m'tambula yabwino.

"Inu mukudwala chiyani, achemwali?"

"Impso."

"Eya, matenda a anthu aulemu amenewo," anatero, akuponya diso kwa mpongozi wawo.

Bodza sindinanene. Koma zoona sindinazinene zonse.

Lachitatu, 11 Januwale

Kajagi kadzaza. Touria anandiombera m'manja ngati ndakhoza mayeso. Andiunika m'mimba ndi makina, akuti impso zatopa koma sizinagonje.

M'mawa ndinamwa piritsi langa latsopano mochita kudzionetsera, botolo ndikuligwedeza ngati chisekese. Nezha anatembenuka. Anayang'ana botolo, anayang'ana ine.

"Azakhali, amenewo si a impso."

"Ndi a matenda a anthu opanda ulemu, mwana wanga. Ndinayamba kumwa iwe ukadali kusewera ndi zidole, ndipo taona mmene ndanenepera."

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwacho n'kusanduka kulira. Ndinamusiya alire, kenako zonse zinatuluka. Anamuyeza atafika muno, ndipo iye mwini ndi amene anauza mwamuna wake, Lahcen, woyendetsa lole ya tomato mpaka ku Mauritania. Lahcen anathamangira kwa mayi ake kukanena kuti mkazi wake watola matenda kumunda kumene amathyola tomato. Kuyezetsa wakana, ati munthu wonyamula yekha tayala la lole sangakhale wodwala. Ndiye iye ndi mayi akewo agamula kuti Nezha akatuluka muno apite kwa bambo ake kumudzi, koma mwana wake Tifawt, wa zaka zitatu, atsale ndi agogo ake. Chimugonekereni muno, Nezha sanamuone mwanayo.

"Amagona atagwira khutu langa," anatero Nezha. "Panopa akugwira la ndani?"

Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, koma imandipsetsa mtima ngati ndi yatsopano. Matenda akalowa m'nyumba amafunsa mkazi kumene wayenda, pamene mwini lole ali phee akumwa tiyi.

Ndinamufunsa ngati angalole kuti gulu lathu lilowererepo. Anati, "Chitani chilichonse, azakhali, bola mwana wanga." Ndiye ndaimbira foni a Bihi. Iwo ndi ometa tsitsi, ndipo ndi amene amalankhula ndi amuna m'gulu lathu. Amati mwamuna amamvetsera bwino lumo likakhala pakhosi.

Lachinayi, 12 Januwale

Bipi yatsikako. Akakolo ayamba kuoneka, ndawapatsa moni. Nezha amuchotsa timapaipi, akumamuikanso akatopa. Akumwa bakitirimu, ma ARV ayamba sabata yamawa.

Mawa tikulandira chaka chatsopano cha makolo athu. Ijja anabwera kudzandiuza kuti gulu liphikira wodi yonse tagula, phala lathu la balere la tsiku limeneli. Lalla Rkia anali pomwepo ndi tambula yawo ya ulusi, makutu ali tcheru.

"Muthiramo chiyani?" anafunsa.

"Majarini," anatero Ijja, "ndi shuga pang'ono."

Mayi aja anadzigwira pachifuwa, makiyi ngwere! "Majarini? M'tagula? Mulungu atikhululukire. Anthu a m'tauni mwatha ntchito."

"Musavutike mtima, Lalla," ndinatero ine. "Masiku ano palibenso wodziwa kuphika tagula weniweni. Odziwa onse ali kumanda."

"Ine ndafa? Mwandiona ndili m'nsalu yoyera? Mawa mudya tagula wa m'nyumba mwanga, balere wopera pamphero ndi manja awa, mafuta a argani a mitengo yathu, ndipo njere ya chipatso cha tende ndiikamo ndekha. Majarini wanuyo mukapake nsapato."

Njere imeneyo ndi imene ndimaikondera tsikuli. Amene waipeza m'kamwa mwake ndiye mwini mwayi wa nyumba chaka chonse, ndipo amamuveka kiyi wa chipinda cha zakudya. Kwathu ndili mwana ankaipeza chaka ndi chaka ndi mlongo wanga wamwamuna, mpaka ife atsikana tinatulukira kuti amayi ankamukwiririra mbali yake.

Ijja potuluka anandinong'oneza kuti majarini sanamuganizepo n'komwe, amangofuna kuona makiyi akudumpha. Bola wapulumuka kuphika.

Lachisanu, 13 Januwale

Ndilemba zonse, ngakhale mkono ukuwawa pamene pali singano.

Mbale anainyamula ndi Lahcen, mbale yaikulu yadothi. Mnyamata wamtali, ndevu zili nyankhalala. Anaitula pabedi langa osayang'ana kwa mkazi wake, n'kukaima pakhomo ngati mlonda. A Bihi anali atangomaliza kumeta odwala a m'wodi ya amuna, monga amachitira Lachisanu lililonse, ndipo anangotulukira ndi kachikwama kawo.

"Achimwene, ndevu zimenezi mukulowa nazo chaka chatsopano? Mbuzi zikusekani. Tiyeni, lero n'zaulere."

Anamugwira pachigongono n'kupita naye.

Phala lake ndiye eee. Pakati pali kadzenje kodzaza mafuta a argani ndi uchi, fungo mpaka kukhonde. Tinazungulira ine, Ijja, Touria, Lalla Rkia, ndi mayi wa shuga uja amene analoledwa kulawa kamodzi kokha, koma masamu ake ndi ena. Tisananene Bisimilahi, Lalla Rkia anatenga chipande, anapatula pang'ono cham'mphepete, n'kuika m'mbale ya kadontho kofiira. Anaikankhira kwa Nezha ndi nsonga ya chipandecho.

"Azakhali, muli mchere umu," anandinong'oneza Touria.

"Ukuuona iwe? Ine sindikuuona."

Tinadya ndi zala, aliyense akufufuza mbali yake mochenjera, n'kumaloweranso m'munda mwa mnzake. Lalla Rkia ndi ine tinagundana zala m'kadzenje ka mafuta, iwo n'kundimenya padzanja, tikuseka. Anandiuza kuti ndine mkazi wabwino, ndipo ndikachira ndikawayendere. Tinafika pansi pa mbale. Njere osaoneka.

"Wina wameza!" anatero Lalla Rkia. "Inu a shuga inu, tayasamulani tione."

"Ine ndimatafuna, Lalla, musandinyoze."

Pamenepo tinangomva kho! kubedi la kumanja. Nezha anagwira tsaya, analavulira m'dzanja, n'kutambasula. Njere ya tende ili mbee ndi mafuta.

Ijja anatchaya nthungululu, mabedi ena n'kulandira, mpaka mlonda anasuzumira. Touria anavina ndi botolo la diripi m'manja. Nezha anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana apongozi ake.

"Zimenezo siziwerengedwa," anatero Lalla Rkia. "Sanadyere m'mbale."

"Phala mwaphika ndinu," ndinatero ine, "njere mwaika ndinu, mwamugawira ndi dzanja lanu lomweli. Wamusankha ndani ngati si Mulungu? Muvuleni kiyi mumuveke."

"Munthu wa matenda amenewo agwire kiyi wa chakudya changa? Atipha tonse m'nyumba."

Apo ndi pamene pakamwa panga panandithawa.

"Lalla, zala izi, zimene mwazimenya m'mafuta umu, ndi za munthu wa matenda omwewo. Impso ndi zongowonjezera."

Ijja ananyambita chala chake bwinobwino, n'kuchikweza. "Ndi ichinso."

"Ine wanga ndi shuga yekha," anatero mayi wa kumanzere, palibe anamufunsa.

Lalla Rkia anayang'ana dzanja lawo, analitalikitsa ngati lapsa ndi moto. Anadzuka, n'kutuluka atafumbata makiyi kuti asalire. Anasiya mbale, dengu, ndi tambula ya ulusi yomwe.

"Kuthamanga sikufika, Mbarka," anatero Ijja, ngati iye sanakweze chala.

Nezha anali akadali ndi njere m'dzanja. "Azakhali, mwandithera," anatero, n'kubwezera nkhope kukhoma.

Chaka chalowa choncho.

Loweruka, 14 Januwale

Miyendo yatupanso. Adokotala anafunsa ngati ndadya za mchere, Touria n'kuyamba kuwerenga denga. Pamene panali singano patupa ndipo pafiira. Thupi likutentha.

Kwa Nezha sikunabwere munthu. Ijja anamubweretsera supu ndi buledi. Sakundilankhula. Njere waimanga pansonga ya mpango wake.

Lamulungu, 15 Januwale

Kutentha thupi. Diripi ya mankhwala ku mkono winawu. Sikunabwerenso munthu.

Ndikuopa kuti Nezha ndamutayitsa mwana wake ndine.

Lolemba, 16 Januwale

Kutentha kwatsika. Ndamaliza supu yopanda mchere, ndipo ndaiyamikira, chizindikiro chakuti ndinadwaladi.

Nezha wayamba ma ARV lero. Anakhala nalo piritsi m'dzanja nthawi yaitali, akulitembenuza. Tambula ya ulusi waitsuka yekha, ndi imene akumwera madzi. Kenako anayamba ndi iye kulankhula.

"Azakhali, chipiritsi chonsechi ndimeze bwanji?"

"Mmene umamezera mawu a apongozi ako. Osatafuna."

Anayesetsa kuti asaseke koma zinakanika. Tinamwa pamodzi, iye lake, ine langa. Ndinamupepesa. Anati, "Mwina kunali kofunika kuti wina anene. Koma inuyo mumanena ngati mukuponya njerwa." Mwana ameneyu akuchira.

Masana anabwera a Bihi ndi malalanje.

"Ndiye?" ndinatero.

"Ndevu ndinameta."

"Za ndevu ndikuzifunsa ine? Anayezetsa?"

"Za pampando wanga zimathera pampando pomwepo, Mbarka. Si tonse tili ndi pakamwa ngati pako." Anasenda lalanje mwachifatse, n'kupatsa Nezha. "Ndingokuuzani kuti mnyamata uja si woipa, ndi wamantha. Ndinamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinamuuzanso kuti ine ndimamwa piritsi langa m'mawa uliwonse, ndipo dzanja limene lagwira lumo pakhosi pakeli silinanjenjemerepo. Sanagwedezeke. Akanagwedezeka bwanji?"

Lachiwiri, 17 Januwale

Magazi a lero akusonyeza kuti impso zikuwongokera. Bipi ili bwino. Diripi achotsa.

Nezha atapita kukajambulidwa chifuwa, ndinamva ngwerengwere kukhonde. Lalla Rkia analowa, maso atalowa m'kati, n'kuima kumiyendo kwa bedi langa.

"Ndabwera kudzatenga mbale yanga."

"Ili pansi apo, taitsuka."

Sanawerame. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Achemwali, mundiuze zoona, poti tadyerana mchere ndipo simungandinamize. Ine ndifa liti?"

Akuti chichokereni muno atsuka m'kamwa ndi phulusa, amwa mafuta, afukiza lubani nyumba yonse mpaka nkhuku zinathawa. Nsalu yawo ya kumanda aitulutsa kale m'bokosi, aiyanika.

Ndinafuna kuseka, koma ndinaona kuti sakunena nthabwala. Ndinawauza kuti akhale pabedi langa. Anakhala m'mphepete penipeni.

"Lalla, ine ndili ndi mwana wamwamuna, mpongozi ndi adzukulu. Tadyera mbale imodzi zaka zonsezi, adzukuluwo amandilanda chakudya m'kamwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ali nako. Nsaluyo ibwezeni m'bokosi, njenjete zisaidye. Mukapanda kundikhulupirira, tiyeni kwa Touria akubayeni chala."

Tinapita, ine ndikukwekwereza mapazi, iwo atandigwira mkono osazindikira kuti andigwira. Touria anawauza kuti phala silipatsira munthu kachilombo, koma anawayezabe kuti mtima ukhale m'malo. Alibe. Anapsompsona Touria pamutu, anapsompsona ine, akanapsompsona ndi sikelo yomwe.

Pobwerera anaima pakhonde.

"Ngati sikalowera m'mbale, kamalowera pati?"

Ndinawauza. Ulendo uno ndinanena pang'onopang'ono, njerwa ndinazisiya. Kenako anayamba kulankhula okha, osandiyang'ana.

"Mtsikana uja ndinakamutenga ndekha kwa bambo ake ali mwana. Kumunda amakwera lole imodzi ndi mwana wanga wamkazi, amabwerera limodzi. Dzuwa likalowa amakhala ali pamoto panga." Anagwira makiyi awo. "Lole ya Lahcen ndiyo imapita kutali."

Sindinathirepo ndemanga. Ijja atamva kuti ndinakhala chete akuti andigulira mendulo.

Mbale anatenga. Nezha sanamudikire.

Lachitatu, 18 Januwale

Kajagi kadzaza ndi kusefukira. Nsapato zalowa.

Lahcen anabwera yekha, nkhope ili see, ndevu zonse palibe. Anazungulirazungulira, anafunsa mayi wa shuga za umoyo wawo, anayamikira makatani. Kenako anakhala pabedi la mkazi wake, anapisa m'thumba, n'kutulutsa botolo. Analiika pakabati pafupi ndi la Nezha. Mabotolo awiri ofanana ngati mapasa.

Ine ndinadzifunditsa bulangeti kuti ndiwapatse ulemu, khutu limodzi ndinalisiya panja.

"Undikhululukire," anatero.

Ndinkaganiza kuti Nezha alira. Ayi ndithu. Anakhala tsonga, anakonza mpango.

"Pondinyoza sunanong'one, Lahcen. Unanena pabwalo, mayi ako ali pomwepo, alongo ako ali pomwepo, kuti ndine mkazi wa m'tomato. Kupepesa kokha ndiye ukufuna kukhale kwa m'makutu? Ukanene kumene unanena."

"Mayi anga andipha."

"Sakupha. Nanga ine ndafa?"

Pansi pa bulangeti ndinaluma pilo kuti nthungululu isatuluke. Mtsikana ameneyu tikumufuna m'gulu lathu, akaime pamalole m'malo mwanga.

Lahcen anatuluka atazyolika, botolo lake atalibweza m'thumba. Sananene kuti akachita, sananene kuti sakachita.

Lachinayi, 19 Januwale

Ine anditulutsa Lolemba ngati magazi akhalabe chonchi. Nezha amutulutsa mawa. Bakitirimu akamalizira kunyumba, ndipo abwerenso kudzaonedwa mwezi ukatha.

Kunyumba kwake kuti? Palibe akudziwa.

Touria anabwera kudzamuuza kuti Lahcen anafika ndi Tifawt m'mawa kumalo oyezera, ndipo mwanayo alibe kachilombo. Nezha anagwada pansi pomwepo n'kuthokoza Mulungu. Kenako anafunsa, "Anali muno? M'chipatala momwe muno?" Ana saloledwa m'wodi, ndipo Lahcen sanakwere kudzanena kanthu.

Wamanga katundu wake, kajumbo kamodzi. Ijja wamuuza kuti zikavuta asapite kumudzi, gulu lili ndi chipinda ku Inezgane, ndipo tili ndi loya wamkazi wongodzipereka amene amadziwa kuti lamulo silimulanda mayi mwana chifukwa cha matenda. Nezha anagwedeza mutu. Milandu imatenga miyezi, ndipo iye akudziwa.

Mayi wa shuga anatulutsa bisiketi m'pilo n'kumupatsa. Yophwanyika, koma ndi yoyamba imene wagawirapo munthu.

Lachisanu, 20 Januwale

Bipi ili bwino. Zina zonse za ine zidikire.

Nthawi ya alendo inakwana, anthu analowa, anakhala, ena anayamba kutsanzika. Nezha ali pamphepete pa bedi, kajumbo pamiyendo, maso pakhomo. Inenso maso anali pakhomo pomwepo ngati mwanayo ndi wanga.

Kenako ngwerengwere.

Lalla Rkia analowa atanenepa modabwitsa, akuyenda ngati bakha, Lahcen ali pambuyo ndi dengu. Touria anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi, pamene nsalu yakuda inali ndi mapazi anayi, awiri aakulu, awiri aang'ono a nsapato zapinki.

"Lalla, mwatupa chiyani?"

"Impso," anatero Lalla Rkia, n'kudutsa.

Touria anatembenuka n'kuyamba kukonza diripi ya munthu amene analibe diripi.

Nsalu inatseguka, kamtsikana kanatuluka tsitsi lili nyankhalala, kanayang'ana mabedi onse, n'kukuwa, "Amama!" Zimene zinachitika pamenepo sindinazione bwino, m'maso munali madzi. Ndinalira, ndipo sindikubisa. Mayi wa shuga analira mokweza kuposa tonse.

Lalla Rkia anakhala pabedi la Nezha, pakati penipeni, bedi mpaka kulira. Anatulutsa ketulo.

"Uyu wanena," anatero, akuloza Lahcen ndi chibwano. "Pabwalo, alongo ake ali pomwepo. Ndamumenya ndi chipande, koma wanena. Tambula ija ili kuti?"

Nezha anaitenga pakabati. Anafuna kuikulunga m'mpango, koma apongozi ake anailanda ndi dzanja lopanda kanthu. Anathira tiyi mmene amathirira anthu, kuchokera m'mwamba, thovu lili tolotolo. Anati Bisimilahi, anamwa theka, n'kupatsa Nezha. Nezha anamwa, n'kuwabwezera, iwo anamaliza.

Kenako anayamba kulimbana ndi ulusi uja. Mfundo inakana, anaimanga okha ndi mtima wonse tsiku limene anaimanga. Anayesa ndi zikhadabo, anatukwana pang'ono, Touria anati akatenge sizasi.

"Ndinamanga ndine," anatero. Anaika tambula pakamwa, n'kudula ulusiwo ndi mano.

Anamasula kiyi mmodzi pachingwe chawo, wamkulu wakuda, anamuyang'ana ngati akutsanzikana ndi m'bale, n'kumuponya pamiyendo pa Nezha.

"Wa chaka chimodzi chokha ameneyo. Usadzimve. Ndipo mafuta anga a argani ndimawadziwa pamene alekezera."

"Chabwino, amayi," anatero Nezha. "Chaka chamawa tidzadyera mbale imodzi, ndidzaipezanso."

"Mwamumva? Achemwali, mwana uyu mwandiwonongera ndinu."

"Anabwera ali choncho, Lalla, kungoti anali atayang'ana kukhoma."

Anandilamula kuti ndikatuluka ndikawayendere, andiphikira zopanda mchere ngakhale ndi tchimo. Anawonjezera kuti ndibwere ndi mnzanga wa majarini uja, kumudzi kwawo kuli amayi ena amene akufunika kubayidwa chala, amuna awo ali ndi malole.

Lahcen ananyamula dengu ndi kajumbo. Nezha anandipsompsona pamutu, anawerama, n'kubereka mwana wake ndi mpango uja wa njere pansonga. Lalla Rkia anati asanyamule zolemera akadali wodwala, iye anachita ngati sanamve. Ndinawaperekeza mpaka pakhomo la wodi, ndi mapazi anga, m'nsapato zanga.

Asanafike n'komwe pamasitepe, Tifawt anali atagona kale kumsana, kadzanja kali pakhutu la mayi ake.